Kusamutsa monstera wamkulu ndi kumuimikira mzati: ndondomeko yonse

Funso la momwe mungasamutsire monstera wamkulu, chomera cha m'nyumba cha masamba akuluakulu, mumphika wina ndi kumuimikira mzati limabwera pafupipafupi, ndipo chithunzi chake chimakhala chofanana: monstera wakula, wagwera mbali imodzi, walanda theka la pabalaza, mizu ikulendewera mpaka pasimenti. Ambiri amakhala atayesapo kale. Anabaya nsungwi pakati pa mphika, n'kukulunga masamba onse ndi chingwe ngati akumanga tomato kudimba, ndiye patapita mwezi masamba anayamba chikasu ndipo nsungwiyo inapendekeka limodzi ndi chomeracho. Ndalemba ndondomeko yonse pano kuti aliyense wofunsa ndizingomulozera. Werengani mpaka kumapeto musanagwire mphika, makamaka sitepe 6, chifukwa ntchito yonse yagona pamenepo.

Chomera chomwe tikunena ndi Monstera deliciosa. Kumalo ogulitsa maluwa ku South Africa amachitcha delicious monster, ku Britain Swiss cheese plant. Kwawo ndi m'nkhalango zonyowa kuyambira kumwera kwa Mexico mpaka ku Panama, kumene chimamera pansi, n'kuyanga mpaka chitapeza thunthu la mtengo, kenako n'kukwera. Choncho si chitsamba choima chokha. Chikasowa pokwera chimayenda chogona, ndipo kugwa komwe mukukuonako si matenda ayi. Ndondomekoyi imagwiranso ntchito pa philodendron wokwera ndi pa money plant wamkulu wokwera.

Mawu anayi oti tigwirizane tisanayambe. Tsinde ndi thunthu lonenepa lija lomwe zonse zimatulukapo. Mkono wa tsamba ndi kamtengo katali kobiriwira kochoka pa tsinde kukagwira tsamba. Anthu ambiri amakayesa tsinde, ndipo kulakwitsa kochuluka kumayambira apa. Mfundo ndi malo a pa tsinde pomwe mkono wa tsamba umatulukira. Mizu ya m'mwamba ndi zingwe zofiirira zija zotuluka pa mfundo, kunja kwa dothi.

1. Onani ngati nthawi yakwana

Musasamutse chomera chifukwa choti mwagula mphika wokongola. Zizindikiro zoti pakufunika mphika wina ndi izi: mizu yatulukira m'mabowo a pansi, madzi akangothiridwa akudutsa osaima, dothi likuuma m'masiku awiri okha, kapena mphika ukugwa wokha chifukwa cha kulemera kwa masamba. Kwa monstera wamkulu izi zimachitika pafupifupi zaka ziwiri zilizonse.

Chitani ntchitoyi kukayamba kufunda. Ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa ndi kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Ku Britain ndi Malichi mpaka Meyi. Pewani Juni ndi Julayi kuno kwathu. Chomerachi chimakula bwino pa madigiri 18 mpaka 30, ndipo kukazizira kufika cha pa 10 chimaima, mizu yovulala n'kumachedwa kupola. Koma ngati dothi likununkha kuwola, musadikire nyengo, chitani lero.

2. Sankhani mphika ndipo sakanizani dothi

Mphika watsopano ukhale wotambalala kuposa wakale ndi masentimita 5 okha, kapena 8 ngati mzati wanu ndi wonenepa. Wakale ngati unali wa masentimita 30 kukamwa, watsopano ukhale wa 35. Mphika waukulu kwambiri umasunga dothi lambiri lopanda mizu yomwa madzi ake, limakhala lonyowa masiku ambiri, mizu n'kuwola. Ukhale ndi mabowo pansi, anayi kapena kuposerapo, lililonse lokwana chala. Wasimenti kapena wadothi wowotcha ndi wabwino chifukwa umalemera, sugwa wamba. Wapulasitiki nawonso ndi wotheka, bola muuike m'kati mwa wina wolemera.

Musayale miyala pansi pa mphika. Anthu amati imathandiza madzi kutuluka, koma madzi sachoka msanga m'dothi losalala kulowa m'miyala. Amaima pamwamba pa miyalayo, ndiye dothi lonyowa kwambiri lija mwalikweza kufupi ndi mizu. Kaphale kamodzi kapena kasefa pabowo n'kokwanira kuti dothi lisatayike.

Dothi la pabwalo palokha, kaya katondo kaya makande, limagwirana mumphika ndipo mizu imasowa mpweya. Sakanizani motere, poyeza ndi chitini chimodzi chomwecho:

magawo 4 a manyowa a masamba owolerana bwino, kapena dothi la m'matumba logulitsidwa kumalo a maluwa;
magawo 3 a makungwa a paini okhalitsa, odula tizidutswa ta sentimita 1 mpaka 2;
magawo 2 a perlite (timiyala toyera topepuka kwambiri), kapena njerwa yowotcha yophwanyaphwanya ndi kusefa fumbi, kapena mankhusu a mpunga owawula;
gawo 1 la makala ophwanya, otsuka.

Pa mphika wa masentimita 35, ndowa imodzi ya malita 20 ikukwanirani ndipo lina litsala. Musaikemo utuchi wauwisi, chifukwa powola umalanda chakudya cha chomera. Musaikemo phulusa, kapena ndowe ndi zitosi zosawolerana, zimawotcha mizu. Nyowetsani pang'ono zosakanizazo, fumbatani m'dzanja, tambasulani. Zikamwazika mukazikhudza ndi chala, zili bwino. Zikatsala chibumi cholimba, onjezerani makungwa.

3. Konzani mzati

Mitundu yodalirika ilipo itatu, ndipo ndinena maganizo anga pa uliwonse.

Thabwa losapala, lotambalala masentimita 10 mpaka 15, lochindikala 2 kapena 3. Kwa monstera wamkulu ili ndiye ndimalikonda: n'lolimba, tsinde limagona bwino pankhope yake, ndipo mizu ina imagwira pamtengo wokhakhala. Vuto lake ndi kuwola ndi chiswe pa gawo lokwiririka. Njira yake n'kumangirira thabwalo ndi zomangira zachitsulo pa paipi ya PVC kuti paipiyo ndiyo ilowe m'dothi, thabwa liyambire pamwamba. Musagwiritse ntchito mtengo wopaka oilo wakuda kapena mankhwala a mapolo a magetsi.

Paipi ya PVC ya masentimita 5, yokulungidwa ndi chiguduli kapena ulusi wa makoko a kokonati, yomangidwa ndi chingwe cha nayiloni. Siwola, chiswe sichiifuna, ndipo mukhoza kulumikiza ina pamwamba chomera chikapitirira. Kulungani gawo la pamwamba pa dothi lokha. Chiguduli chokwiririka chimawola ndi kukoka madzi.

Moss pole, womwe ndi waya wa mabowo ang'onoang'ono wopindidwa ngati paipi n'kudzazidwa ndi sphagnum moss, mtundu wa ndere wosunga madzi. Waya wotambalala masentimita 25 umapereka mzati wa masentimita 8. Mizu imalowa m'kati n'kumamwa momwemo, ndipo masamba amakuladi. Koma umafuna kunyowetsedwa nthawi zonse, ndipo pa kutentha kwa Okutobala umauma tsiku limodzi kapena awiri. Ukauma gwa, madzi amangotsetsereka osalowa. Ngati mukudziwa kuti simukwanitsa, tengani thabwa.

Kansungwi kamodzi kowonda n'kosakwanira. Kutalika kwa mzati kukhale kuya kwa mphika, kuphatikiza kutalika kwa tsinde, kuphatikiza masentimita 50 mpaka 60 a mtsogolo. Tsinde la mita imodzi mumphika wakuya masentimita 32 likufuna mzati wa pafupifupi mamita 1.9.

4. Dzulo lake

Thirirani chomera tsiku limodzi ntchito isanachitike. Mizu yonyowa imapindika, youma imathyoka. Pezani munthu wachiwiri, ntchito iyi si ya munthu mmodzi. Konzani mpeni wakuthwa wopukuta ndi spiriti, nsalu zong'amba m'lifupi masentimita 3 (chitenje chakale kapena sikipa), pepala lapulasitiki loyala pansi, ndi magolovesi. Monstera ndi wa banja limodzi ndi koko, ndipo utomoni wake uli ndi calcium oxalate, timinga tosaoneka toyabwa pakhungu ndi towotcha m'kamwa. Ana, agalu ndi amphaka akhale kutali ndi zodulidwa.

5. Zulani ndipo yenderani mizu

Musakoke tsinde. Gonekani mphika cham'mbali, mnzanu atanyamula tsinde ndi masamba, menyani m'mbali mwa mphika ndi chikhatho, kenako kokani mphikawo. Ukakana, yendetsani mpeni wautali m'mphepete mwake. Mizu yotulukira m'mabowo ikatsekereza, ndi bwino kudula mphika wapulasitiki kusiyana ndi kuthothola mizu.

Mizu yamoyo ndi yolimba, yoyera kapena yotuwira. Yowola ndi yakuda, yofewa, yonunkha, ndipo mukaikoka khungu limavuka n'kutsala kaulusi. Dulani yowola yonse mpaka pamene pali polimba, mukupukuta mpeni ndi spiriti. Masulani ndi zala mizu yozungulira pansi, gwedezani dothi lakale pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Ngati mizu ndi yabwino musaitsuke ndi madzi mpaka mbee, mungochedwetsa chomera kuchira.

Tsopano werengani matsinde. Ogulitsa amakonda kubzala awiri kapena atatu mumphika umodzi kuti chomera chioneke chodzaza, ndipo lililonse limakhala litayang'ana kwake. Ndicho chifukwa ambiri amalephera kuimika monstera wawo: akufuna mzati umodzi ugwire zomera zitatu zopita mbali zitatu.

6. Pezani msana, imikani mzati, tembenuzani mizu

Apa ndi pomwe malangizo ambiri amangoti "mangirirani ku mzati" n'kudutsa. Tiyeni tichedwepo.

Tsinde la monstera lili ndi kumaso ndi kumsana. Liyang'anitsitseni. Mikono ya masamba imatuluka mosinthana, wina kumanzere, wina kumanja, koma yonse imaweramira mbali imodzi, kofunafuna kuwala. Uko ndi kumaso. Mizu ya m'mwamba imatulukira mbali inayo, yomwe kunkhalango imakhala itagunda khungwa la mtengo. Uko ndi kumsana. Pa chomera chomwe chakhala chogona, msana umakhala pansi, moyang'ana dothi kapena simenti. Mangani kansalu pa tsinde kapena lembani ndi choko kuti musasokonezeke masamba akayamba kukuphimbani kumaso.

Mzati uyenera kukhala kumsana, utagunda tsinde. Mukauika kumaso, chomera chizikula chikuthawa mzati, mizu ya m'mwamba ikugwira mphepo, ndipo muzingowonjezera zingwe chaka chonse.

Mzati umalowa mumphika poyamba, dothi lisanalowe. Kubaya mzati mumphika wodzaza kale kumadula mizu yomwe simukuiona, komanso mzatiwo sufika pansi, ndiye umagwedera. Uimikeni pansi penipeni, osati pakati pa mphika koma chakumbuyo, pafupifupi masentimita 6 mpaka 8 kuchoka kukhoma la mphika. Ulimbitseni mwa njira imodzi mwa izi. Boolani paipi kumunsi, lowetsani waya wokutidwa pulasitiki, mutulutsire m'mabowo awiri a pansi pa mphika n'kupotokola kunja. Kapena lumikizani kumunsi kwa paipi tizidutswa tiwiri ta paipi topingasa, kuti kulemera kwa dothi kuzipondereza phazi limenelo. Mzati wopitirira mamita 1.5 pamwamba pa dothi umangiriridwenso kumtunda, ku mbedza ya pakhoma. Ugwedezeni ndi dzanja. Ukagwedera panopa wopanda katundu, ndi masamba udzagwa.

Thirani dothi pansi, lokwanira kuti chomera chikakhala, pamwamba pa mizu pakhale masentimita 3 kapena 4 kunsi kwa mlomo wa mphika.

Tsopano kumbukirani ichi: chomwe mukutembenuza ndi chibumi cha mizu, osati tsinde. Tsinde lakale ndi louma m'kati, silipindika, limathyoka kamodzi n'kamodzi. Ngati lakhala logona, pendeketsani chibumi chonse cha mizu mpaka tsinde litadzuka n'kuyang'ana kumwamba, msana wake uli ku mzati. Chibumicho chikhala chopendekeka mumphika, mbali ina yokwera, ina yotsika. Palibe vuto. Chotsani dothi lakale kumbali yokwerayo kuti mizu igone, ndipo kumbali yotsikayo mudzadzaza latsopano. Ngati chibumi chikulepheretsa tsinde kufika pa mzati, patulani mizu ndi zala kumbali ya msana kuti pakhale mpata woti mzati ulowemo. Kudulapo mizu ingapo pamenepa n'kololeka. Cholinga n'choti kumunsi kwa tsinde kugunde mzati, kapena kutalikire osapitirira masentimita 2 kapena 3.

Matsinde akakhala awiri kapena atatu, muli ndi zosankha ziwiri. Mukhoza kuwalekanitsa, mukumasula mizu pang'onopang'ono m'beseni la madzi, lililonse n'kulipatsa mphika ndi mzati wake. Kapena mukawalekanitsa muwabzale pamodzi, onse misana ili ku thabwa limodzi lotambalala, wamkulu pakati. Atatu akuluakulu pa mzati umodzi amaphimbana ndipo wapansi amafooka, ndiye ine ndimati awiri ndiwo malire.

Nanga tsinde likakhala kuti linayenda chogona mita yathunthu kenako n'kukhota? Limenelo simungaliwongole. Dulani kumtunda kwake, chidutswa chokhala ndi masamba atatu kapena anayi ndi mizu ya m'mwamba iwiri kapena itatu, mukudula masentimita 3 kunsi kwa mfundo. Siyani bala liume maola angapo, kenako bzalani chidutswacho choimirira pa mzati, mizu ya m'mwambayo ili m'dothi koma bala lisakwiririke kwambiri. Chitsa chotsalacho musataye, chidzaphukira pa maso, totupa ting'onoting'ono ta pa mfundo.

Mizu ya m'mwamba yaitali ikulungeni ndi nsalu yonyowa kwa mphindi 20 mpaka 30 kuti ifewe, kenako ilozetseni mumphika. Ikalowa m'dothi imachita nthambi, imadyetsa chomera ndiponso imachilimbitsa. Ikathetheka khungu popinda koma osaduka, isiyeni, imapitirira kukula. Youma ndi yophwapha dulani.

7. Dzazani dothi

Mnzanu atagwira tsinde pa mzati, thirani dothi pang'onopang'ono kuzungulira, mukulilowetsa m'mipata ndi kamtengo ndi kumenya m'mbali mwa mphika. Tsinderani ndi zala kuzungulira mzati, koma kwina konse musapondereze ndi mphamvu. Tsinde likwiririke pomwe linalekezera kale. Pomwe mkono wa tsamba ukulumikizana ndi tsinde pasalowe m'dothi, pamawola msanga.

8. Mangani tsinde lokha

Mangani tsinde, pakati pa mfundo ziwiri, osati mkono wa tsamba. Mkono uli ndi kachigongono pafupi ndi tsamba komwe kamalitembenuzira ku kuwala, ndipo umayenera kuyenda momasuka. Komanso tsamba latsopano limatulukira m'chimake cha mkono wa tsamba lomaliza. Mukamanga pamenepo limatuluka lopunduka kapena kufera m'kati.

Yambirani pansi kukwera m'mwamba, chomangira chimodzi pa masentimita 20 mpaka 25 aliwonse. Zungulizani nsalu pa tsinde, ipingasitseni pakati, kenako zungulizani pa mzati, kuti ipange 8, pomangirira pake pakhale kumbuyo kwa mzati. Chala chimodzi chizitha kulowa pakati pa nsalu ndi tsinde. Pamwamba pang'ono pa mfundo iliyonse pali kotupa kakang'ono, diso lomwe lingaphuke mtsogolo; musaliphimbe. Nsonga yanthete, mfundo ziwiri zomaliza, isiyeni yosamanga. Waya wosakutidwa, ulusi wowonda ndi mphira wa chubu wokoka kwambiri zimadula tsinde likamanenepa.

Kumtunda kwa tsinde kukakhala kutali ndi mzati, musakukoke tsiku limodzi. Mangani momasuka pomwe kwafika popanda kukakamiza, ndiye sabata iliyonse muzifupikitsa nsalu ndi masentimita 2 kapena 3. Mukamva kulira kwa kuthetheka, imani pomwepo. Zimatenga mwezi umodzi kapena iwiri.

Mukamaliza, chomera chioneka choipa. Masamba ena ayang'ana pansi, ena kukhoma. Musawamange kuti aoneke bwino. Ambiri atembenuka okha m'masabata awiri mpaka anayi, ndipo akale kwambiri omwe sangatembenuke mudzawadula atsopano akatuluka.

9. Masabata asanu ndi limodzi oyamba

Thirirani mpaka madzi atuluke pansi, dikirani mphindi 20, tayani otsala m'mbale. Dothi likatsika onjezerani. Musathirirenso mpaka masentimita 5 a pamwamba atauma. Pisani chala, musadalire kalendala. Mphika watsopano umachedwa kuuma kuposa wakale, ndipo ambiri amapha chomera pa nthawi imeneyi chifukwa chothirira monga ankachitira kale.

Ikani mphika mita imodzi kapena awiri kuchoka pawindo lowala, kumaso kwa chomera kuli kuwindo, mzati uli kumbuyo. Dzuwa la m'mawa ndi labwino. La masana ndi la kumadzulo lodutsa pagalasi limawotcha masamba, ikani katani yopyapyala. Ndipo lekani kuzunguliza mphika. Zomera zina zimafuna kuzungulizidwa, koma monstera wa pa mzati ali ndi nkhope imodzi, ndipo mukamamutembenuza mikono imapotokapotoka.

Feteleza adikire masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Mukayamba, gwiritsani ntchito wamadzi wa maluwa, theka la mlingo wolembedwa pabotolo, kamodzi pamwezi m'nyengo yofunda. Musathire Urea kapena CAN wa chimanga mumphika. M'dothi lochepa chotere mchere wake umawotcha mizu.

Tsamba limodzi kapena awiri a pansi akachita chikasu, si zachilendo ayi, dulani akauma. Masamba kulefuka masiku atatu kapena anayi oyamba n'kwabwinobwino. Timadontho ta madzi kunsonga kwa masamba m'mawa tikusonyeza kuti dothi ndi lonyowa kwambiri usiku, ndiye talikitsani kathiriridwe. Koma masamba ambiri akachita chikasu nthawi imodzi, ena ndi mawanga akuda ozunguliridwa ndi chikasu, dothi lili chinyowere patatha masiku khumi, zulani muone mizu, dulani yowola, ndipo ngati yatsala yochepa bwezerani chomera mumphika wocheperako. Yenderaninso kunsi kwa masamba ndi m'makwinya a mikono, chifukwa chomera chofooka chimagwidwa msanga ndi kodikodi, tizilombo toyera tonga thonje. Tipukuteni ndi kansalu konyika mu spiriti.

Zomangira ziyendereni miyezi iwiri iliyonse, mumasule zomwe zayamba kuluma tsinde, ndipo muwonjezere chatsopano nsonga ikakwera mfundo ziwiri. Nsonga ikatsala masentimita 20 kufika pamwamba pa mzati, lumikizani paipi kapena thabwa lina isanapitirire, chifukwa ikangodutsa imaweramira kutsogolo ndipo kulemera kwake kumayamba kukoka mzati wonse.